Chitseko cha Pamwamba Chimene Chinagwetsa Tamanda

Mdzukulu wanu Tamanda wagwa kawiri, Amayi, kugwa kuja kwa achimwene Limbani, maso m'mwamba, thovu kukamwa, ndipo alamu anga akubwera masana ano kuti amutenge apite naye ku Nsanje.

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Pepani ndayamba ndi moto moni ndisanapereke, dzanja likuthamanga kuposa mutu. Koma musadzidzimuke kwambiri. Mtima wanga lero uli m'malo kusiyana ndi mwezi watha, chifukwa chimene chikumugwetsa mwanayu ndachiona ndi maso angawa. Ndikufotokozerani zonse, mungondipirira.

Chichokereni inu kuno zachitika zambiri. Mimba imene ndinabwera nayo pamaliro anu ija inabala mwamuna, tinamutcha Yohane, dzina la atate. Wamera mano am'munsi ndipo amaluma bere ngati ali ndi mlandu nane. Nthanga za maungu zimene ndinatapa m'chikho mwanu ndinadzala kuseri kwa kaya, ndiye kanyumba kanga kakuseri kwa nyumba ya azungu kuno ku Menlo Park, ku Joni. Zayanga mpaka pawaya wa aneba. Adona amayesa ndi maluwa, ife tikudya nkhwani. Azakhali analemba kuchokera ku Dedza kuti chimanga chinachita bwino koma mtedza unaola ndi mvula, ndiponso denga la nyumba yanu lagwa mbali imodzi. Anaphiri a ku Mamelodi, dera la anthu akuda, amene amandisungira Tamanda nthawi ya sukulu, miyendo ikuwavuta koma akuyenda.

Tsono nkhani ndi iyi. Sukulu zitatsekera Khirisimasi ndinamutenga Tamanda kuti adzakhale nane. Mwana wa munthu wakuda saloledwa kugona kuno kwa azungu, ndiye masana ankakhala m'kaya chitseko chotseka, galimoto ya apolisi ikamadutsa ndinkamuuza kuti alowe kunsi kwa bedi. Adona ankadziwa koma ankayang'ana kumbali. Mwana wawo wamwamuna, Yapi, wamkulupo pang'ono kwa Tamanda, ndi amene anayamba kumuitanira m'nyumba adona akapita ku tauni. Abwana, bambo ake a Yapi, anamugulira kamakina kolumikiza ku tivi, kochitira masewera pagalasi pomwepo. Ine ndinkangomva kanyimbo kake ndili kukhitchini, tii ti ti, ngati anapiye, ndipo ndinkakondwa chifukwa mwana wanga ankaseka.

Tsiku lina ndikusita malaya a abwana ndinangomva Yapi akukuwa, "Ousi! Ousi!" Ndi mmene amandiitanira. Ndinapeza Tamanda ali pakapeti atauma gwa, kenaka manja ndi miyendo n'kuyamba kukoka. Amayi, manja anga anachita okha zimene munkachita inu. Ndinakankha tebulo, ndinamugoneka chammbali, ndinaika mutu wake pamwendo panga n'kumamutchula dzina mpaka zinamusiya. Anadzikodzera, anapempha madzi, n'kugona. Ndinadzinamiza kuti ndi malungo, chikhalirecho thupi silinali lotentha. Patapita masiku zinachitikanso, pakapeti pomwepo, ine ndili panja kuyanika zovala. Ndinali nditamuletsa kulowa, koma Yapi anamukodola pawindo.

Bambo a Tamanda akugwirabe ntchito ya m'maluwa ku Irene, amabwera Lamlungu lokha. Nditawauza anakhala pakhonde la kaya nthawi yaitali akutembenuza chipewa m'manja. Kenaka anati, "Mayi a Tamanda, zimenezi n'zakwanu. Kwathu kulibe wogwa." Sananene mwankhanza ayi, koma zinandilasa. Anakauza achimwene awo, alamu anga a Zuze, amene akupita kumudzi mwezi uno. Alamuwo anagamula okha kuti mwana apite nawo, akakhale ndi agogo ake akuchimuna, kuli munthu wodziwa mankhwala kumeneko. Nditayesa kutsegula pakamwa anati, "Mlamu, ife tinalowola. Mwanayu ndi wathu."

Kwathu mwana ndi wakuchikazi, ndipo woyankha mawu amenewa akanakhala mwinimbumba, achimwene Limbani. Koma iwo ali nanu kumeneko. Ndinakumbuka mmene tinkawasungira, mbale yawoyawo, chikho chawochawo, aphunzitsi n'kuwabweza kusukulu, ana anzawo kumathawa atagwira mphuno kuopa kuti mpweya wawo uwapatsira. Munkakhala nawo pansi ndinu nokha. Ndinakumbukanso mmene tinawapezera kudambo, m'madzi osafika ndi m'mawondo momwe. Ku Nsanje mudzi wa apongozi uli m'mbali mwa Shire, Amayi, atsikana amatunga mumtsinje. Ndani akamugoneke chammbali kumeneko? Ndipo akangodutsa malire, ndi mapepala angawa sindingamutsatire.

Sindinkadya. Koma mawu anu aja anandibwerera, amene munanena tsiku limene tinathawa phokoso m'nkhokwe n'kupezeka kuti inali nkhuku yoikira: "Chinthu usamachithawe usanachione nkhope." Ndinayamba kuganiza. Mwanayu ku Mamelodi sanagwepo, m'kaya sanagwepo, kutchalitchi sanagwepo. Wagwa pakapeti pokha. Ndipo maulendo onse awiri ndikulowa mothamanga, kanyimbo ka pativi sikanali ka anapiye kaja, kanali kena kothamanga ngati ka ukwati.

Azungu anga ankakonzeka kupita kunyanja ku Debeni kutchuthi. Ndinamupeza Yapi yekha akulongedza nsapato. Nditangomufunsa anayamba kulira, akuopa lamba wa bambo ake. "Asebulifu, chonde Ousi, musawauze Pa." M'Chingerezi chathu chothyokathyoka anandiuza kuti maulendo onse awiri Tamanda anagwa atangofika pachitseko cha pamwamba m'chipinda chachitatu, pamalo pamene iye mwini safikapo kawirikawiri. Anati, "Amandiposa, Ousi." Ndinamufunsa chimene chili pachitsekopo, iye anangoti, "Palibe, umangowina basi." Ndinati chabwino, undionetse poyatsira, ine sindinena. Anandionetsa pobaya chingwe ndi polowetsa kakaseti kake.

Atanyamuka anandisiya ndi nyumba ndi galu. Tamanda ndinamubweza kwa Anaphiri. Ndiye Amayi musandiseke, mwana wanu, mayi wa ana awiri, ndinkati ndikatha kupukuta mawindo ndi kuthirira maluwa a adona, ndinkakhala pakapeti Yohane ali kumsana n'kuyatsa chinthucho.

Ndikuuzeni mmene chilili, poti simunachionepo. Galasi lonse limada bii, ndiye mumdimamo muli mizere ya njerwa zofiira yosanjikizana ngati mashelefu a m'sitolo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pakati pa shelefu ndi shelefu pali makwerero obiriwira. Pansi penipeni kumanzere pamaima kamunthu, msinkhu ngati chala chamanthu, kovala chipewa chachikasu. Kalibe pakamwa, diso ndi kadontho kamodzi. Ukayandikira umaona kuti n'kopangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono ngati mikanda yolukidwa palamba, koma ukakhala patali ndi munthu ndithu, kamimba kali patsogolo ngati a Gomani ogulitsa fodya aja. Miyendo yake ili ndi mayendedwe awiri okha, kutsegula ndi kutseka, koma maso amakhulupirira kuti kakuthamanga. M'manja umagwira kandodo kokhala ndi batani limodzi lofiira. Ukapendeketsa kandodoko kamunthu kamayenda, ukadina batani kamadumpha. Basi, kalibe nzeru ina. Ntchito yake n'kutola makiyi amene apachikidwa m'mashelefumo n'kukafika pachitseko cha pamwamba. Pakona pamaima timunthu tina tiwiri tofanana nako, tili pamzere ngati kuchipatala. Koyamba kakagwa kamalowa kachiwiri, onse akatha umabwerera pansi kukayambiranso.

Tsiku loyamba ndinawapha onse asanafike ndi pamakwerero pomwe. Ndinkapendeka thupi lonse m'malo mwa kandodo, mpaka Yohane anadzuka n'kundikoka tsitsi. Ndinkakalipira kamunthuko mokweza, "Dumpha iwe, wagona?" galu n'kumandiyang'ana pakhomo. Koma amene anapanga chinthuchi ndi munthu wochenjera, amakuphunzitsa osalankhula. M'chipinda choyamba amakuikira kadzenje kamodzi kakang'ono pamalo poti ngakhale ugwe sufa, umangotsikira shelefu yapansi. Ukazolowera amakupatsa dzenje lokulirapo. Chilichonse chokupha anachipaka mtundu wa pepo, chilichonse chotola n'chachikasu, ndiye ngakhale ine wosamva Chingerezi cholembedwa pamenepo ndinadziwa mdani ndi m'bale.

M'chipinda chachiwiri muli tizilombo tonga nkhanu, timangoyenda uku ndi uku pashelefu yake, sitisintha njira ngakhale pang'ono, ngati apolisi a mumsewu wathu uno. Poyamba ndinkathamangira kuti ndidutse msanga, n'kumafera pomwepo. Kenaka ndinaona kuti ndi kusinja awiri mumtondo umodzi. Suyang'ana munsi wako, umayang'ana wa mnzako, ukakwera iwe n'kulowa. Munkandimenya kumsana pondiphunzitsa zimenezi, mukuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, iwe ukuthamangira kuti?" Nditayamba kudikira nkhanuzo zitembenuke, ndinadutsa. Chinanso, kamunthuka kakadumpha kadumpha, sungakabweze kali m'malere. Uyenera kuganiza miyendo isanachoke pansi.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake Tamanda anandinyozera lamulo. Mwana amene tsiku lonse amauzidwa kuti khala chete, bisala, usasuzumire pawindo, wapeza kamunthu komvera iye. Akati thamanga kamathamanga, akati kwera kamakwera, ndipo palibe wapolisi womufunsa pasi, chiphaso choyendera chija. Ndinalira pang'ono pamenepo, kenaka ndinapitiriza.

Chipinda chachitatu ndiye choopsa. Madzi abuluu amayamba kukwera kuchokera pansi, pang'onopang'ono, kumiza shelefu imodziimodzi, ndipo njerwa zina ukaimapo nthawi yaitali zimagumuka. Kudikira nkhanu kuli apo, madzi ali apo. Ndikaona madziwo akufika m'miyendo ya kamunthu ndinkaona dambo lija, mukudziwa chifukwa chake. Ndinakhala masiku angapo ndikufera pamenepo, chala chinatupa, mpunga ndinapsereza kawiri. Kenaka tsiku lina masana, mvula ikugwa panja, ndinatola kiyi womaliza, ndinakwera makwerero aatali a kumanja, kamunthu n'kugunda chitseko chija.

Amayi! Galasi lonse linayamba kung'anima, kuyera, kufiira, kuyera, kufiira, mofulumira kuposa mphenzi, ngati moto wa anthu owotcherera zitsulo. Chipinda chonse cha adona chinkaphethira, makoma ndi makatani omwe. Kanyimbo kaukwati kaja n'kuyamba. Ine munthu wamkulu maso anandiwawa, m'mutu munachita zii, mseru n'kubwera. Ndinatseka maso n'kuzula chingwe kukhoma. Ndinakhala pansi pamenepo ndikuseka, chifukwa nkhope yake ndinali nditaiona. Wopangayo anaika kung'animako ngati nthungululu, kuti wopambana asangalale. Mwana wanga ankagwa chifukwa chopambana.

M'mawa mwake ndinakwera sitima kupita ku Mamelodi, ndinamutenga Tamanda mpaka kukiliniki. Ndinkaopa kuti asisita andiseka ndikanena za tivi, koma anandimvetsera mpaka kumapeto n'kutilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko anamumata timawaya m'mutu monse, iye n'kumandifunsa ngati akumuluka tsitsi. Anamuyatsira nyali yophethira pamaso pang'ono chabe, makina awo n'kulemba mizere papepala, ndipo anazimitsa msanga asanagwe. Adokotala analankhula, mayi wina n'kumatanthauzira m'Chizulu, ine n'kumatola zimene ndikanatha. Sindikunamizani, sananene kuti si khunyu. Anati ndi pachibale pake, koma mtundu uwu uli ndi khomo lodziwika lolowera, ndilo kuwala kophethira. Anati masewerawo asiye, tivi azionera patali nyali ya m'nyumba ili yoyaka, ndipo akakumana ndi chophethira mwadzidzidzi aziphimba diso limodzi ndi chikhatho n'kutembenuka. Anatipatsa mapilitsi ndi tsiku lobwereranso. Ndinafunsa ngati n'zopatsirana, anati ayi, ngakhale pang'ono. Ndinafunsa za sukulu, anati apite, adzakhale nesi ngati akufuna. Chiyambire pamenepo sanagwenso. Akudya, akusewera fulaye ndi anzake kwa Anaphiri, ndipo akundinyadira kuti ndinafika pachitseko, ngakhale akuti ndinachedwa.

Zinatsala n'za bambo ake. Lamlungu lapitali ndinawauza zonse, iwo n'kumangogwedeza mutu, amvekere, "Tivi ingagwetse munthu? Azungu onsewa bwanji sakugwa?" Pepala lachipatala analitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera. Ndiye ndinawagwira dzanja kuwalowetsa m'nyumba ya azungu. Anavula nsapato pakhomo, mpando wa abwana anaukana, anakhala pakapeti mwaulemu ngati ali pamaliro. Nditayatsa n'kugwira kandodo anaseka mpaka kutsokomola.

"Eish, mayi a Tamanda, ndiye ntchito imene mukugwira kuno ndi imeneyi? Ine ndikupsa ndi dzuwa ku Irene, inu mukuweta kachidole?"

Ndinati, "Khalani chete, mundiphetsa."

Ndipo anandiphetsadi. Ndinkadziwa kuti ndikalephera kufika pamwamba ndilibe umboni wina. Koyamba kanagwidwa ndi nkhanu m'chipinda chachiwiri. Kachiwiri njerwa inagumuka nako. Ndinatsala ndi komaliza, madzi akukwera. Kuseka kuja kunatha. Ndinangomva munthu wayandikira paphewa panga akupumira m'mwamba, kenaka anayamba, "Dikira, dikira itembenuke. Tsopano! Dumpha, mkazi wanga, dumpha!" Chikwatirane sanayambe anditchulapo choncho. Nditakwera makwerero aatali aja ndinawauza kuti ayang'anitsitse, ine n'kutseka maso.

Nditatsegula ndinawapeza ataphimba nkhope ndi chipewa. Ndinazimitsa. Kunja njiwa zinkalira. Kenaka anati, "Ndiye kamwana kaja kankayang'ana zimenezi kali pafupi chonchi?" Ndinati eya. Anati, "Ndipo kankafika pamenepa kokha, popanda wokathandiza?" Ndinati eya, kawiri konse. Anapukusa mutu, theka chisoni theka kunyada, n'kunena kuti, "Mwanayu sapita. Ndiwauza achimwene."

Amayi, usiku umenewo ndinagona tulo koyamba chiyambire Khirisimasi. Ndinadzuka dzuwa litakwera, Yohane akusewera ndi khutu langa.

Tsono lero ndi Lamlungu, azungu abwera mawa, ndipo alamu a Zuze akubwera ndi bambo a Tamanda kudzamva yankho. Mwamuna wanga sanawauzebe, ndiye alamuwo sakudziwa kanthu, akuyesa adzatenga mwana ndi kathumba kake. Tamanda ndamusiya dala ku Mamelodi, Anaphiri anati amutsekera kuchipinda ngakhale kubwere ndani. Mwamuna wangayu ndi wabwino, koma ndimamudziwa. Achimwene akewo ndi amene anamulera, ndi amene anamubweretsa ku Joni n'kumupezera ntchito, ndipo chibadwire sanawayankhepo kuti ayi. Akangotsokomola iwo, iye amayang'ana pansi. Akayang'ana pansi lero, wolankhula nditsala ndine, mkazi, mlendo, wopanda nkhoswe. Makina aja ndalumikiza kale, ngati kuli kofunika ndikweranso makwerero onse pamaso pawo. Tiyi ndaika pamoto, nkhwani ndatendera, kuti asanene kuti mwana wanu, inu Nabanda, alibe mwambo.

Ndikukulonjezani, Amayi, mdzukulu wanu sakwera nawo ulendo umenewu. Akhala pamene ine ndingamufikire, apita kusukulu ikatsegulira, ndipo ndimulera ndi manja angawa. Mupereke moni kwa atate ndi kwa achimwene Limbani, muwauze kuti mbumba yawo ili bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Enelesi

Galu wayamba kuuwa kugeti, ndikumva mawu a alamu. Amayi, inu simunkaopa mwamuna aliyense pabwalo. Siyani zimene mukuchita kumeneko, bwerani tsopano lino, mudzaime kumbuyo kwanga ndikamatsegula pakamwa.